Batire la mtima silichiza aliyense, choyamba n'kuyeza wodwala

Nthawi ndi nthawi, pawailesi, m'nyuzipepala ngakhalenso pa Facebook, pamamveka pempho la banja lomwe likusakasaka mamiliyoni a kwacha kuti m'bale wawo wodwala mtima akalandire thandizo ku India kapena ku South Africa. Akufuna kwabwino amasonkha, mipingo imayendetsa mbale, ndipo kumadera a alimi monga ku Nkhamanga m'boma la Rumphi, ng'ombe zimatuluka m'khola ndipo ndalama za fodya zimathera pomwepo. Chifundo chotere n'choyamikika. Koma pali funso lomwe ambiri amachita nalo manyazi: kodi thandizo lomwe akukalitsata kutaliko likamuchitiradi ubwino wodwalayo, nanga zadziwika bwanji kuti likamuchitira ubwino?

Funsoli si lachipongwe. Madokotala a mtima m'maiko olemera akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 20 pankhani ya thandizo lina lotchedwa cardiac resynchronization therapy, mwachidule CRT, lomwe munthu wamba angangolitchula kuti batire la mtima. Zomwe apeza zili ndi phunziro lalikulu kwa Unduna wa Zaumoyo, kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Rumphi komanso kwa mabanja a ku Bolero, Mwazisi ndi madera oyandikana nawo monga Hewe. Phunziro lake n'lakuti thandizo lokwera mtengo limaphula kanthu pokhapokha wodwala atasankhidwa bwino, ndipo kusankhako kumadalira zinthu zitatu zosaboola m'thumba: pepala la ECG, sikani ya mtima ndi mankhwala osadukiza. Zitatuzi ndizo boma liyenera kuyamba kufikitsa ku Nkhamanga.

Nthenda yomwe ikukambidwa apa ndi kufooka kwa mtima. Mtimawo suima ayi, umagundabe, koma umalephera kupopa magazi okwanira thupi lonse. Madzi amayamba kudzadza m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. Wodwala amachita befu akangoyenda pang'ono, mapazi amatupa moti nsapato sizilowa, ndipo usiku amagona chokhala atatsamira khoma chifukwa akagona chagada amabanika. Mlimi yemwe dzana ankagwira khasu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo amalephera ngakhale kufika pachigafa. Pamudzi ena amati walodzedwa, ena amati waponda mankhwala, ena amamuganizira chifuwa chachikulu, ndipo miyezi imatha banja likuzungulira kwa asing'anga mtima ukunka nufookerabe.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo chipinda chammunsi chakumanzere ndicho chimakankha magazi kupita m'thupi lonse. Kuti chikankhe bwino, makoma ake ayenera kufinya nthawi imodzi. Chomwe chimawalamula kutero ndi mphamvu ya magetsi yomwe mtima umapanga wokha n'kumaiyendetsa m'tinjira take. Mwa odwala ena kanjira kakumanzere kamatsekeka, vuto lomwe madokotala amalitcha left bundle branch block, ndipo uthenga umafika mochedwa kukhoma limodzi. Zikatero khoma lina limafinya msanga, linzake pambuyo. Zili ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, ina ikukoka pomwe inzake idakali chiimire: mphamvu ikutha koma ngolo sikusuntha.

Ntchito ya CRT n'kuyendetsa ng'ombe ziwirizo mofanana. Madokotala amaika kabokosi kakang'ono ka batire pansi pa khungu lapachifuwa, chakumunsi kwa phewa, n'kulowetsa timawaya titatu kudzera m'mitsempha mpaka kumtima. Kamodzi mwa timawayati kamakafika kukhoma lochedwa lija, ndipo kabokosiko kamatumiza timphamvu ta magetsi kuti makoma onse azifinya limodzi. Mmodzi mwa madokotala oyamba kuyesa njirayi adali Serge Cazeau wa ku France mu 1994, ndipo dziko la America lidaivomereza mu 2001.

Palibe angatsutse kuti njirayi imapulumutsa miyoyo. Kafukufuku wa CARE-HF, yemwe adachitika m'maiko a ku Ulaya pa odwala 813 ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2005, adapeza kuti pazaka pafupifupi ziwiri ndi theka, odwala 30 mwa 100 aliwonse omwe ankangomwa mankhwala adamwalira, pomwe mwa omwe adaikidwanso kachipangizoka adamwalira 20. Ambiri mwa otsalawo adasiya kugonekedwagonekedwa m'chipatala, ndipo mwa ena mtima womwe udali utakula udayamba kubwerera m'chimake.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Posakhalitsa madokotala adaona kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse oikidwa kachipangizoka sasintha monga momwe amayembekezera. Wachitidwa opaleshoni, ndalama zankhaninkhani zapita, koma befu lili pomwepo. Apa mpomwe padayambira ntchito yofufuza njira yodziwiratu yemwe angapindule ndi yemwe sangapindule.

Poyamba akatswiri adakhulupirira kuti yankho lili mu sikani ya mtima, poti sikaniyo imaonetsa makoma akufinya. Kafukufuku wa PROSPECT, yemwe adatuluka mu 2008, adayesa njira 12 zoyezera kusiyana kwa kafinyidwe ka makoma pa odwala 498 m'zipatala 53 za ku America, Ulaya ndi Hong Kong. Palibe ngakhale imodzi yomwe idaoneka yodalirika polosera, ndipo nthawi zambiri akatswiri osiyana poyang'ana chithunzi chimodzimodzi ankapeza manambala osiyana.

Chenjezo lalikulu lidabwera mu 2013 ndi kafukufuku wa EchoCRT. Odwala 809 omwe sikani inkaonetsa kuti makoma a mtima wawo sakuyendera limodzi, koma pepala la ECG silinkaonetsa kuchedwa kwa magetsi, adaikidwa kachipangizoka. Kwa theka la iwo mbali ya CRT idayatsidwa, kwa enawo idasiyidwa yozima. Kafukufukuyo adaimitsidwa nthawi yake isadakwane chifukwa phindu silinkaoneka, ndipo powerengera adapeza kuti m'gulu loyatsidwa mudamwalira anthu 45 pomwe m'gulu linalo mudamwalira 26. Kunena mosapsatira, kachipangizo komwe kamapulumutsa wodwala woyenera kangathe kufupikitsa moyo wa wodwala wosayenera.

Pambuyo pa zonsezi, chomwe chatsala chodalirika kwambiri ndi chipangizo chakale, ECG. Wachipatala amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo ya wodwala, ndipo pamphindi zochepa makinawo amalemba papepala mizere yosonyeza mmene magetsi akuyendera mumtima. Pamizereyo pali kachigawo kotchedwa QRS, kosonyeza nthawi yomwe uthenga umatenga kuti ufalikire m'zipinda zammunsi. Nthawiyi imawerengedwa m'mamilisekondi, kutanthauza sekondi imodzi itagawidwa magawo 1,000. Mwa munthu wabwinobwino sikwana 120.

Malangizo a bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya, European Society of Cardiology, a chaka cha 2021, amati wodwala woyenera kwambiri CRT ndi yemwe akuvutikabe ngakhale akumwa mankhwala oyenera mokwanira, yemwe sikani ikuonetsa kuti chipinda chakumanzere chikutulutsa magawo 35 pa 100 a magazi kapena kucheperapo pakugunda kulikonse, pomwe mtima wabwino umatulutsa oposa theka, komanso yemwe ECG yake ikuonetsa kutsekeka kwa kanjira kakumanzere ndi QRS yofika 150 kapena kuposa. QRS ikachepera 130, malangizowo amati asaikidwe. Kafukufuku wina, MADIT-CRT wa mu 2009 pa odwala 1,820, adathandiza kuonetsa kuti amayi amapindula kuposa abambo, komanso kuti mtima wopanda zipsera zobwera kaamba ka kutsekeka kwa mitsempha yake umayankha bwino kuposa wazipsera.

Masiku ano akatswiri ena akuyesa kuphunzitsa makompyuta kulosera yemwe angapindule. Komatu makompyutawo amaphunzira kuchokera pa ma ECG ndi masikani a odwala omwe adayezedwa n'kulembedwa. Munthu yemwe sadayezedwepo mulibe m'mawerengero amenewo, ndipo apa mpomwe nkhaniyi ikukhudza Nkhamanga.

Odwala a m'kafukufuku wa ku Ulaya ndi America ambiri adali abambo a zaka za m'ma 60, ndipo ochuluka mtima wawo udafooka kaamba ka kutsekeka kwa mitsempha. Ku Africa kuno chithunzi n'chosiyana. Kafukufuku wa THESUS-HF, yemwe adatsogoleredwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo ndipo adatuluka mu 2012, adaunika odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique. Adapeza kuti pongoyerekeza odwalawo adali a zaka 52, theka adali amayi, ndipo gwero lalikulu lidali kuthamanga kwa magazi, komwe kudakhudza odwala 45 mwa 100 aliwonse. Odwala 14 mwa 100 adali ndi mavavu a mtima oonongeka ndi nthenda ya rheumatic heart disease, pomwe a mitsempha yotsekeka sadakwane ngakhale 10.

M'dziko muno zizindikiro zikuloza komweko. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la MEIRU lidayeza anthu pafupifupi 29,000 kumidzi ya ku Karonga, boma loyandikana ndi Rumphi, komanso mumzinda wa Lilongwe, ndipo oposa theka la omwe adapezeka ndi vutoli adali asadauzidwepo. Ku Lilongwe komweko, kafukufuku yemwe adatuluka mu 2016 adaunika ana asukulu ndi sikani n'kupeza kuti ana atatu mwa 100 aliwonse adali ndi zizindikiro zoyamba za kuonongeka kwa mavavu.

Tanthauzo la manambalawa n'lakuti odwala ambiri otupa miyendo ku Nkhamanga safunika batire. Mnyamata wa mavavu oonongeka, nthenda yomwe imayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana, ali ngati ngolo yothyoka gudumu: ng'ombe ziyende mofanana bwanji, ngoloyo siyenda. Chomwe akufunika ndi jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi, ndipo zikafika poipa, opaleshoni ya vavu. Mayi yemwe mtima wake wafooka atangobereka nthawi zambiri amapeza bwino pakatha miyezi akulandira mankhwala, kotero kumuthamangitsira kukaikidwa kachipangizo n'kulakwitsa. Bambo wa kuthamanga kwa magazi akadapezeka zaka khumi zapitazo n'kuyamba kumwa mapiritsi, mwina mtima wake sukadafooka n'komwe.

Komanso pali mbali ina yomvetsa chisoni. Poti amayi ndi odwala a mtima wopanda zipsera ndiwo amapindula kwambiri ndi CRT, n'zachidziwikire kuti pakati pa anthu oposa 229,000 omwe kalembera wa 2018 adapeza m'boma la Rumphi, ndi mamiliyoni a m'maboma ena, muli ochepa omwe kachipangizoka kangawadzutse pamphasa n'kuwabwezera kumunda. Popanda ECG, anthu amenewa sangadziwike. Choncho kusayeza kumapweteka pawiri: kumatayitsa chuma cha banja la wodwala yemwe sangapindule, komanso kumabisa wodwala yemwe akadapindula.

Ena anganene kuti maganizo otere n'ngofuna kumana Amalawi thandizo lapamwamba lomwe anzawo a m'maiko ena amalandira. Si choncho. Mlimi wa ku Bolero ali ndi ufulu wa moyo chimodzimodzi munthu wa ku London, ndipo dziko lino liyenera kukhala ndi masomphenya oti zipatala zake zazikulu zizidzatha kuika ndi kusamalira zipangizo zamumtima. Koma kuthamanga sikufika. Kachipangizoka kamagulidwa ndi madola zikwizikwi, kamafuna kuunikidwa nthawi ndi nthawi ndi makina a kampani yomwe idakapanga, batire lake limatha pakapita zaka n'kufunika opaleshoni ina, ndipo pakalowa tizilombo pamafunika kuchotsa zonse. Madokotala a mtima m'dziko muno ndi owerengeka ndipo ambiri ali m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Kuyamba ndi batire wodwala asadayezedwe n'kufolera nyumba yopanda maziko.

Enanso anganene kuti thumba la zaumoyo lidathera kale pa malungo, Edzi ndi chifuwa chachikulu. Zoona, matendawa sadathe. Koma mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka magawo 15 pa 100 a bajeti ku zaumoyo, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuphatikizapo a m'boma la Rumphi, ali ndi udindo wokumbutsa boma lonjezoli chaka ndi chaka. Kuonjezera apo, ndalama zomwe boma limalipira potumiza odwala ochepa kunja zikhoza kugula makina a ECG ambirimbiri. Wodwala yemwe akumwa mankhwala mosadukiza sabwerabwera kudzagonekedwa, ndipo bedi limatsalira wina.

Njira yake idaoneka kale m'dziko momwe muno. Mu 2018 m'boma la Neno, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la Partners In Health, lomwe kumeneko limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, udayambitsa ndondomeko ya PEN-Plus. Pandondomekoyi ma clinical officer ndi anamwino a pachipatala cha paboma amaphunzitsidwa kusamalira matenda aakulu osapatsirana monga shuga wa ana, sickle cell ndi matenda a mtima, kuphatikizapo kugwiritsa ntchito sikani yonyamula m'manja. Pambuyo pake idayamba kufalikira kumaboma ena monga Karonga ndi Salima, ndipo mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zidaivomereza pamsonkhano wa WHO ku Lomé m'dziko la Togo. Zomwe zidatheka kumapiri a Neno sizingakanike kuchigwa cha Nkhamanga.

Choyamba, chipatala cha boma cha Rumphi chizikhala ndi ECG ndi sikani ya mtima zogwira ntchito tsiku lililonse, mapepala ake alipo, komanso anthu osachepera awiri odziwa kuwerenga zotsatira kuti wina akapita kutchuthi kapena kusamutsidwa ntchito isaime. Makina otsekeredwa m'kabati podikira mlendo wochokera kunja sathandiza aliyense. Zotsatira zovuta zikhoza kujambulidwa pafoni n'kutumizidwa kwa dokotala wa pachipatala chachikulu cha Mzuzu, m'malo moti wodwala wabefu achoke ku Hewe kumalire ndi Zambia, afike paboma, aoloke pa Njakwa mpaka ku Mzuzu kukangomva kuti abwerenso sabata yamawa.

Chachiwiri, mankhwala. Malangizo onse amagwirizana kuti za batire zimakambidwa wodwala atamwa mankhwala oyenera kwa miyezi yosachepera itatu, chifukwa mitima ina imalimba ndi mankhwala okha. Furosemide, yemwe ambiri amamudziwa kuti Lasix, amachotsa madzi koma salimbitsa mtima. Omwe amatalikitsa moyo ndi monga enalapril, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone komanso atsopano ngati dapagliflozin. Bungwe la Central Medical Stores Trust ndi ofesi ya zaumoyo paboma aonetsetse kuti mankhwalawa akupezeka mwezi uliwonse, ndipo wodwala yemwe wayamba kupeza bwino azitha kukawatengera pafupi monga pa Bolero kapena Mwazisi. Wodwala akamwa mwezi uno n'kusowa mwezi wamawa, palibe dokotala, wa kuno kapena wa ku India, anganene ngati mankhwala alephera.

Chachitatu, kaundula. Wodwala mtima aliyense alembedwe: gwero la nthenda yake, nambala ya sikani, kukula kwa QRS ndi mankhwala omwe akumwa, ndipo zomwezo zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Ndi kaundula wotere, komiti yomwe imasankha odwala opita kunja idzasankha potsata umboni osati potengera yemwe ali ndi m'bale kulikulu, ndipo dziko lidzadziwa ngati chiwerengero cha ofunika CRT chafika poti n'koyenera kuphunzitsa madokotala akeake.

Chachinayi, kupewa. Alangizi a zaumoyo akumidzi azikhala ndi makina oyezera BP, ndipo kuyeza kuzichitika komwe anthu amasonkhana: pamisika, kumatchalitchi, kumakalabu a alimi a fodya ngakhalenso pamwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero, komwe chaka ndi chaka kumafika chinamtindi cha anthu. Mawu a Themba la Mathemba Chikulamayembe ndi mafumu ake amamveka kutali kuposa chikwangwani chilichonse cha unduna. Mafumu akanena kuti kutupa miyendo ndi befu n'zakuchipatala, kuti mchere uchepe m'ndiwo, komanso kuti mwana wa zilonda zapakhosi asangopatsidwa panado, anthu adzamva.

Nawo mabanja ali ndi mbali yawo. Asadagulitse ng'ombe kapena kukongola katapira, afunse adokotala mwaulemu koma mosaopa. Kodi nthendayi yayamba ndi chiyani, mavavu, kuthamanga kwa magazi kapena kufooka kwa mnofu wa mtima? Kodi sikani yaonetsa nambala yanji, nanga ECG ikuti chiyani? Kodi wodwalayu wamwa mankhwala onse oyenera kwa miyezi itatu? Nanga akabwerako kunjako, adzamuunika ndani, kuti, ndipo batire likadzatha ndalama zidzachokera kuti? Dokotala weniweni sakwiya ndi mafunso otere. Wofunika kumuopa ndi munthu wapakati yemwe amatchula mtengo wa ulendo asadaone pepala lililonse la wodwala.

Maiko olemera adataya zaka ndi ndalama zambiri, ndipo odwala ena adataya miyoyo, kuti zidziwike kuti batire la mtima lili ndi eni ake. Malawi walandira phunziroli kwaulere. Chotsala n'chakuti unduna, aphungu ndi khonsolo ya Rumphi aike ndalama pa ECG, sikani, mankhwala ndi maphunziro a ogwira ntchito m'bajeti ikubwerayi, kuti wodwala wa ku Nkhamanga adziwe chomwe chikumuvuta nthawi ikadalipo.